Cham'mimba china n'chofunika dokotala, osati kupirira

Aliyense wokwera phiri la Mphunzi, kumadzulo kwa msewu wa M1 m'boma la Dedza, amakumana ndi zithunzi zakalekale zojambulidwa pamatanthwe. Zina n'zofiira, zomwe akuti adajambula ndi Akafula, pomwe zina n'zoyera, ntchito ya manja a Achewa. Zithunzizi ndi gawo la malo 127 a m'dera la Chongoni omwe bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006.

Akatswiri ofufuza mbiri amati zambiri mwa zithunzi zoyera za m'derali zidali zophunzitsira anamwali. Izi zikusonyeza kuti kuyambira kale amayi akuno akhala ndi sukulu yawoyawo yomuuza mtsikana za thupi lake akangotha msinkhu. Sukuluyo ilipobe mpaka lero, kaya ndi kwa anamkungwi kumudzi kapena kwa alangizi a kumpingo.

Limodzi mwa malangizo omwe namwali amamva ndi lakuti za kumwezi sanena pagulu, ndipo mkazi weniweni amapirira. Langizoli limasunga ulemu, komatu labisanso matenda ambiri.

Pali atsikana omwe mwezi uliwonse amajomba kusukulu masiku awiri kapena atatu, ali chigonere pamphasa atagwira pamimba. Pali amayi omwe amataya magazi sabata ziwiri zathunthu mpaka kulephera kukwera chitunda ndi mtolo wa nkhuni, kapena kupalira mbatata ya kachewere kudimba. Palinso ena omwe mimba yawo imakula ngati oyembekezera, miyezi 9 n'kudutsa mwana osaoneka, anthu n'kuyamba kunong'onezana kuti mimbayo yabedwa m'matsenga.

Achipatala ali ndi maina a mavutowa: endometriosis, mafibroid, komanso zotupa za m'thumba la mazira. Matendawa ndi osiyana, koma onse ali paubale ndi chinthu chimodzi chomwe mkazi aliyense ali nacho m'thupi, homoni yotchedwa oestrogen. Munthu akaidziwa homoniyi amamvetsa chifukwa chomwe ululu umabwerera mwezi ndi mwezi, chifukwa chomwe zotupa zina zimafota zokha mayi akakula, ndiponso chifukwa chomwe dokotala amatha kulembera mapiritsi olera mayi amene wabwera kudzadandaula za m'mimba.

Feteleza wa m'thupi

Mahomoni ndi timadzi tomwe ziwalo zina za thupi zimapanga n'kutumiza m'magazi kuti tikauze ziwalo zinzake chochita. Oestrogen amapangidwa makamaka m'matumba awiri a mazira omwe ali uku ndi uku kwa chiberekero, lililonse kukula kwake ngati suku. Mafuta a m'thupi nawonso amapanga oestrogen wina.

Ameneyu ndiye amasandutsa mwana kukhala namwali: mabere kumera, chiuno kukula, msambo kuyamba. Amalimbitsanso mafupa. Mwezi uliwonse msambo ukangotha, oestrogen amachuluka n'kuyamba kukhuthalitsa khungu la m'kati mwa chiberekero, monga mlimi amakonzera munda kudikira mbewu. Dzira likatuluka, chapakati pa mwezi, homoni ina yotchedwa progesterone imatenga udindo wosamala khungulo. Mimba ikapanda kuchitika, mahomoni onse awiri amatsika ndipo khungu lija limayoyoka pamodzi ndi magazi. Umenewo ndiwo msambo.

Homoniyi idapezeka koyamba m'chaka cha 1929, pomwe akatswiri awiri ogwira ntchito payekhapayekha, Edward Doisy wa ku America ndi Adolf Butenandt wa ku Germany, adaitulutsa mumkodzo wa amayi oyembekezera. Kuchokera pamenepo kudatseguka njira yopangira mapiritsi olera ndi mankhwala ena ambiri a amayi omwe tikuwaona lero.

Mlimi aliyense wa ku Dedza akudziwa kuti feteleza sasankha. Amakulitsa chimanga, amakulitsanso udzu womera m'mphepete mwa phando. Oestrogen naye ndi chimodzimodzi. Ntchito yake ndi kukulitsa, ndipo akapeza minofu yomera pamalo olakwika kapena yokula mosalongosoka, amaidyetsa momwemo.

Apa pafunika kumvetsa bwino. Amayi ambiri omwe ali ndi matendawa akayezedwa magazi, oestrogen wawo amapezeka wamlingo wabwinobwino. Vuto limakhala m'minofu yodwalayo, yomwe imamva homoniyi msanga kuposa minofu ina, ndipo ina imafika podzipangira oestrogen wakewake. Choncho mayi asadziimbe mlandu kuti adadya chiyani kapena adalakwa pati.

Magazi osowa potulukira

Endometriosis ndi matenda omwe minofu yofanana ndi khungu la m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwa chiberekerocho. Imatha kumera pamatumba a mazira, pamachubu odutsa mazira, pamatumbo, pachikhodzodzo, ndipo mwa apo ndi apo imakafika mpaka m'chifuwa.

Ngakhale ili pamalo achilendo, minofuyi imamverabe oestrogen. Mwezi uliwonse imatupa n'kutulutsa magazi monga imachitira ya m'chiberekero, kusiyana kwake n'kwakuti magaziwa alibe potulukira. Amaunjikana m'mimba, pamalopo n'kutukusira, kenaka pamabwera zipsera zomwe zimamata ziwalo pamodzi. Pathumba la mazira magazi akalewa amatha kupanga chotupa chodzaza madzi oderako, chomwe madokotala adachipatsa dzina lochokera ku chokoleti kaamba ka maonekedwe ake.

M'chaka cha 1927, dokotala wa ku America John Sampson adafotokoza kuti magazi ena a msambo amabwerera m'mbuyo kudzera m'machubu n'kugwera m'mimba. Kafukufuku wa pambuyo pake adaonetsa kuti izi zimachitikira amayi ambiri, koma ndi ena okha omwe amadwala. Magazi akumtundu amatengapo mbali: mtsikana amene mayi ake kapena mchemwali wake ali ndi matendawa amakhala pachiopsezo chokulirapo.

Zizindikiro zake ndi cham'mimba choopsa chomwe chimamulepheretsa munthu kugwira ntchito, kupweteka kwa msana ndi chinena ngakhale masiku omwe sali kumwezi, ululu pokhala malo amodzi ndi mwamuna, ululu pochita chimbudzi kapena pokodza nthawi ya msambo, kutopa, ndiponso kuvutika kutenga pathupi.

Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, matendawa amagwira amayi ndi atsikana pafupifupi 10 mwa 100 alionse a msinkhu wobereka, omwe ndi anthu pafupifupi 190 miliyoni. Tikatengera chiwerengero chimenechi, m'kalasi ya Fomu 4 momwe muli atsikana 30 mutha kukhala atatu odwala, ndipo mwina palibe ndi mmodzi yemwe amene adalimvapo dzina la matenda ake.

Ngakhale kumaiko olemera matendawa amachedwa kudziwika. Ku Britain, kafukufuku wa bungwe la Endometriosis UK wa m'chaka cha 2024 adapeza kuti mayi amatha zaka pafupifupi 9 akuyendera zipatala asadauzidwe chomwe chikumuvuta.

Kwa amayi akuda padali chopinga china. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, dokotala wotchuka wa ku Boston, Joe Vincent Meigs, adafalitsa ganizo lakuti endometriosis ndi nthenda ya azungu opeza bwino omwe amachedwa kubereka. Ganizoli lidalowa m'mabuku ophunzitsira madokotala ndipo lidakhalamo zaka zambiri. Mu 1976, dokotala wachikuda wa ku Chicago, Donald Chatman, adalemba zotsutsa ataona kuti amayi akuda ambiri omwe adawapeza ndi endometriosis adali atauzidwa kale kuti ali ndi matenda a m'chiuno obwera kaamba ka tizilombo.

Nkhani imeneyi ikutikhudza kwathu kuno. Matenda opatsirana pogonana alipodi ndipo amapweteka m'chinena, choncho kuyezetsa n'kofunika. Koma ngati mayi wamwa mankhwala opha tizilombo kangapo konse osasintha, ndipo ululu wake umayendera mwezi, ndi bwino kufunsa ngati si endometriosis. Mabanja ena adagwedezeka chabe, bambo ndi mayi kulozana zala za chiwerewere, pomwe gwero la ululu lidali lina.

Kum'mawa kwa Africa, amayi awiri otchuka adathandiza kuti matendawa adziwike. Muulutsi wa pawailesi wa ku Kenya, Njambi Koikai, adayamba kumva ululu ali ndi zaka 13 ndipo padatenga zaka pafupifupi 17 kuti matenda ake adziwike. Adali atafika m'chifuwa moti mapapo ake ankafwafwanizika nthawi ya msambo. Adakalandira chithandizo ku Atlanta m'dziko la America mu 2018, ndipo adamwalira mu June 2024 ali ndi zaka 38. Naye Millen Magese, yemwe adali chiphadzuwa cha dziko la Tanzania mu 2001, adachitidwa maopaleshoni ambirimbiri kaamba ka matendawa, koma adadzabereka mwana wamwamuna mu 2017.

Mimba yopanda mwana

Mafibroid ndi zotupa zolimba zomwe zimamera m'mnofu wa chiberekero. Chimodzi chimatha kukhala chaching'ono ngati nyemba, china ngati lalanje, china n'kukula ngati dzungu. Mayi mmodzi amatha kukhala ndi zingapo nthawi imodzi.

Umboni woti zimadalira mahomoni uli poyera. Sizimera mwa mwana amene sadathe msinkhu, zimachuluka mwa amayi a zaka za m'ma 30 ndi 40, ndipo zimafota mayi akasiya kusamba, pomwe matumba a mazira aleka kupanga oestrogen. Ofufuza adapezanso kuti oestrogen sagwira yekha ntchitoyi. Iye amakonza chotupacho kuti chizimva bwino progesterone, ndipo awiriwa amathandizana kuchikulitsa.

Zotupazi n'zofala kwambiri pakati pa amayi akuda. Kafukufuku yemwe adatsogolera Donna Baird ku America, wofalitsidwa mu 2003, adaonetsa kuti pofika zaka 50, amayi akuda oposa 80 mwa 100 alionse amakhala atakhalapo ndi mafibroid, poyerekeza ndi azungu pafupifupi 70 mwa 100. Mwa amayi akuda zimayambanso msanga ndipo zimakula kwambiri. Zina zomwe zimaonjezera chiopsezo ndi kutha msinkhu msanga, kusaberekapo, kunenepa kwambiri komanso kukhala ndi achibale omwe adali nazo.

Katswiri wa mafilimu wa ku Kenya, Lupita Nyong'o, adaulula mu 2025 kuti m'chaka cha 2014, chomwe adalandira mphoto ya Oscar, madokotala adamupeza ndi mafibroid 30 ndipo adachitidwa opaleshoni.

Chotonthoza mtima n'chakuti mafibroid si khansa, ndipo amayi ambiri amakhala nawo moyo wawo wonse osadziwa n'komwe. Otere safunika chithandizo chilichonse. Koma kwa ena amabweretsa msambo wambiri wokhala ndi zibuma za magazi, kulemera m'chinena, kukodza pafupipafupi chotupa chikatsamira chikhodzodzo, kudzimbidwa, kupita padera kapena kuvutika kutenga pathupi.

Choopsa chachikulu ndi kutha kwa magazi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 33 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'dziko muno adali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Mayi amene ali kale ndi magazi ochepa kaamba ka malungo, njoka za m'mimba kapena kuperewera kwa zakudya, akamatayanso magazi ambiri mwezi ndi mwezi amafooka msanga. Amamva chizungulire, mtima kuthamanga, befu akayenda pang'ono, zikhatho ndi m'maso n'kuyera. Kumudzi ena amamutcha waulesi, pomwe thupi lake likusowa magazi.

Kodi msambo wambiri ndi uti? Achipatala amati ngati ukupitirira masiku 7, ngati mayi akusintha nyanda kapena padi ola lililonse kapena maola awiri alionse, ngati akudzuka usiku kukasintha, kapena ngati mukutuluka zibuma zikuluzikulu, pamenepo mlingo wapitirira.

Nanga mimba ija yosabadwa? Fibroid yaikulu imatukumula mimba mpaka kufika pamchombo, ndipo achipatala amayeza kukula kwake poyerekeza ndi miyezi ya pathupi. Mayi amene wakhala akulakalaka mwana amakhulupirira kuti Chauta wamuyankha, apongozi n'kuyamba kuwerenga miyezi. Nthawi ikakwana popanda chobadwa, maso amatembenukira kwa mkazi mnzake, kwa azakhali kapena kwa gogo wina wa m'mudzi. Ubale umatha, mbuzi ndi nkhuku zimapita kwa asing'anga, chonsecho kuyeza mkodzo ndi kujambula pasikani kukadaulula zoona pa tsiku limodzi.

Tsitsi ndi mano m'chotupa

Zotupa za m'thumba la mazira zilipo zamitundu yambiri, ndipo ubale wake ndi oestrogen ndi wosiyanasiyana.

Zofala kwambiri ndi timatuza tamadzi tomwe timabwera kaamba ka ntchito ya thumbalo yokhwimitsa dzira mwezi ndi mwezi. Tambiri timatha tokha pakapita miyezi iwiri kapena itatu, ndipo dokotala amangomuuza mayi kuti adzabwerenso kudzajambulitsa.

Mtundu wina, wotchedwa dermoid, umadabwitsa anthu chifukwa akaung'amba amapezamo tsitsi, mafuta, nthawi zina ngakhale mano. Achibale akamva zimenezi amati basi umboni wa ufiti wapezeka. Zoona zake n'zakuti chotupachi chimachokera ku timaselo tomwe timapanga mazira, tomwe tili ndi mphamvu yosanduka chiwalo chilichonse cha munthu. Kawirikawiri si khansa, ndipo oestrogen alibe nacho mlandu.

Palinso chotupa chosowa chotchedwa granulosa, chomwe chimachita zosiyana ndi zinzake: m'malo modya oestrogen, chimamupanga. Chikamera mwa kamtsikana ka zaka 5 kapena 6, kamayamba kumera mabere ndi kusamba nthawi isadakwane. Chikamera mwa gogo amene adasiya kusamba kalekale, magazi amayambiranso. Oestrogen wochuluka chotere amakhuthalitsa khungu la m'chiberekero mopyola muyeso mpaka kutha kuyambitsa khansa ya m'chiberekeromo.

Choopsa kuposa zonse ndi khansa ya thumba la mazira. Chiwerengero cha nthambi ya WHO yofufuza za khansa chikuonetsa kuti mu 2022 amayi oposa 320,000 padziko lonse adapezeka nayo ndipo oposa 200,000 adamwalira. Imakonda amayi omwe adapitirira zaka 50, ndipo imachedwa kudziwika chifukwa zizindikiro zake zimafanana ndi matenda wamba: mimba kutupa tsiku ndi tsiku, kukhuta msanga munthu atangodya mbamu zochepa, kupweteka m'chinena, kukodzakodza ndi kuonda.

Pa khansa imeneyi, kuchuluka kwa miyezi yomwe thumba latulutsa dzira pamoyo wa mayi kumatengapo mbali. N'chifukwa chake kubereka, kuyamwitsa ndi kumwa mapiritsi olera, zomwe zimapumitsa thumbalo, zimachepetsa chiopsezo. Mu 2008, akatswiri a ku yunivesite ya Oxford adasonkhanitsa kafukufuku 45 wochokera m'maiko 21 ndipo adapeza kuti zaka zisanu zilizonse zomwe mayi wamwa mapiritsi olera zimatsitsa chiopsezo ndi pafupifupi 20 pa 100 alionse. Gulu lomwelo mu 2015 lidapeza kuti mankhwala a mahomoni omwe amayi ena amamwa atasiya kusamba amakweza chiopsezocho pang'ono.

Endometriosis nayo imakweza pang'ono chiopsezo cha mitundu ina ya khansayi, ngakhale amayi ochuluka zedi omwe ali ndi endometriosis sadwala khansa. Mabanja ena amatengerana khansa ya thumba la mazira ndi ya m'mawere, choncho ngati amayi anu, azakhali kapena achemwali adadwalapo, muuzeni dokotala.

Kusiyana kwakukulu kofunika kukumbukira ndi uku: mafibroid ndi endometriosis zimazizira mayi akasiya kusamba. Choncho mimba ikamakula kapena magazi akaoneka mwa mayi amene adasiya kale kusamba, chimenecho si chinthu chodikira kuti tione mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ndi bwinonso kusiyanitsa matendawa ndi khansa ya khomo la chiberekero, yomwe imapha amayi ambiri m'Malawi muno kuposa khansa ina iliyonse. Imeneyo imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo katemera wake adayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019. Kuyeza khomo la chiberekero ndi vinega n'kofunika kwambiri, koma sikuona zomwe zili m'kati mwa chiberekero kapena pathumba la mazira. Mayi akauzidwa kuti khomo lili bwino koma ululu kapena kutaya magazi kukupitirira, asakhale pansi.

Chithandizo chili pafupi kuposa momwe ambiri amaganizira

Popeza oestrogen ndiye amadyetsa endometriosis ndi mafibroid, chithandizo chambiri chimagona pa kuchepetsa mphamvu yake kapena kuletsa kukwera ndi kutsika kwake kwa mwezi ndi mwezi. Apa ndi pomwe njira zolera zimalowera. Mapiritsi olera, jakisoni wa Depo-Provera, kapulasitiki koika pamkono komanso lupu yokhala ndi mahomoni zimachepetsa ululu ndi kutaya magazi mwa amayi ambiri. Lupu ya kopa ndiyo yosiyana, chifukwa imatha kuonjezera msambo.

Njira zambiri mwa zimenezi Amalawi akuzidziwa kale. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja adapeza kuti amayi apabanja 58 mwa 100 alionse ankagwiritsa ntchito njira zamakono zolera, ndipo jakisoni ndiye adali patsogolo. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti mankhwala omwewa ndi chithandizo cha matenda. Msambo ukasiya kaamba ka jakisoni, magazi saunjikana m'mimba monga ena amanenera. Khungu la m'chiberekero limangokhala lopyapyala moti palibe choyoyoka.

Komabe mankhwalawa si ongogula pagolosale. Mapiritsi okhala ndi oestrogen sayenera mayi wa BP yokwera, wosuta fodya amene wapitirira zaka 35, kapena amene adadwalapo nthenda ya kuundana kwa magazi m'mitsempha. Wachipatala ndiye amasankha yoyenera atamuyeza munthu.

Pali mankhwala ena monga ibuprofen ochepetsa ululu, tranexamic acid wochepetsa kutaya magazi, ndi mapiritsi oonjezera magazi. M'zipatala zikuluzikulu madokotala amathanso kubaya jakisoni wogoneka matumba a mazira kwa kanthawi kuti fibroid ifote opaleshoni isadachitike, koma saperekedwa nthawi yaitali chifukwa thupi likasowa oestrogen mafupa amafooka.

Kale dokotala sankatsimikiza za endometriosis popanda kulowetsa kakamera m'mimba kudzera pabowo laling'ono, chipangizo chomwe chimapezeka m'zipatala zochepa. Koma malangizo omwe bungwe la akatswiri a zauchembere la ku Ulaya la ESHRE lidatulutsa mu 2022 amalola kuyamba chithandizo potengera zizindikiro ndi sikani. Kwa mayi wa kumudzi iyi ndi nkhani yabwino, chifukwa atha kupepukidwa ululu popanda kudikira ulendo wa kutauni.

Opaleshoni ilipo yamitundu iwiri pa mafibroid. Ina imachotsa zotupa zokha n'kusiya chiberekero kuti mayi adzathe kubereka, ngakhale zotupazo zimatha kumeranso. Ina imachotsa chiberekero chonse, ndipo imayenera amene adamaliza kubereka kapena amene moyo wake uli pachiswe. Ambiri amaopa kuti akachotsedwa chiberekero ndiye kuti ukazi watha. Chiberekero sichipanga oestrogen. Matumba a mazira akasiyidwa, thupi limapitiriza kulandira mahomoni ake ndipo za m'banja zimayenda monga kale chilonda chikapola.

Kwa mayi wa ku Mphunzi, ulendo umayambira pachipatala chaching'ono cha mishoni chomwe chili pansi pa Sinodi ya Nkhoma ya mpingo wa CCAP, kapena chipatala china chapafupi. Kumeneko atha kumuyeza ngati ali ndi pathupi n'kumuona ngati magazi achepa. Zikafunika sikani kapena opaleshoni amatumizidwa kuchipatala cha boma ku Dedza, ndipo ena amapita ku Nkhoma. Zovuta kwambiri zimapita ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kuli madokotala a matenda a amayi komanso chipatala chachikulu cha khansa chomwe adachitsegulira mu 2025.

Ulendo wotere umadya ndalama ya kabaza ndi minibasi, choncho ndi bwino kupita wokonzeka. Kwa miyezi itatu, lembani pakalendala kapena kuseri kwa kope tsiku lomwe msambo wayamba ndi lomwe watha, kangati mwasintha patsiku, ndi masiku omwe ululu udakulepheretsani kugwira ntchito kapena kupita kusukulu. Tengani buku lanu la kuchipatala kuti dokotala aone mankhwala omwe mudalandirapo kale. Musachite manyazi kutchula za ululu wa kuchipinda, chifukwa chimenecho ndi chimodzi mwa zizindikiro zomwe dokotala amadalira. Safunsa adadya phula.

Koma ululu woopsa wobwera mwadzidzidzi mbali imodzi ya chinena, limodzi ndi kusanza kapena kukomoka, sufuna kalendala. Kutha kukhala kuti chotupa chapotokola thumba la mazira kapena mimba yakhala m'chubu, ndipo zonsezi zimafuna opaleshoni tsiku lomwelo.

Udindo wa abambo, ankhoswe ndi alangizi

Matendawa amapweteka thupi, koma mawu a anthu amapweteka koposa. Mayi amene wakhala zaka zitatu pabanja popanda mphatso amatchedwa chumba, ndipo achibale akuchimuna amayamba kumuuza mwana wawo kuti akayesere kwina. Bungwe la WHO lidalengeza mu 2023 kuti munthu mmodzi mwa 6 alionse padziko amakumanapo ndi vuto la kusabereka pamoyo wake, ndipo vutoli limapezeka mwa abambo ndi amayi omwe. Ankhoswe anzeru amatumiza onse awiri kuchipatala asadayambe kuweruza mlandu.

Amayi ambiri omwe ali ndi mafibroid kapena endometriosis amabereka, ena mwachibadwa, ena atathandizidwa. Komanso si zoona kuti kubereka kumachiza endometriosis. Ululu umatha kuzizira nthawi ya pathupi ndi yoyamwitsa, kenaka n'kubwerera msambo ukayambiranso. Choncho kumuuza mtsikana wa pasukulu kuti akwatiwe kuti cham'mimba chithe n'kumulanda maphunziro popanda kumupatsa machiritso.

Abambo ali ndi gawo lawo. Mkazi akamakana za kuchipinda kaamba ka ululu, kapena akamalephera ntchito za kumunda masiku ena a mwezi, chofunika ndi kumuperekeza kuchipatala ndi kupatula ndalama ya ulendo pa zomwe zapezeka pa mbatata ndi nyemba. Aphunzitsi aakazi ndi magulu a amayi oyang'anira atsikana m'sukulu athanso kuona mwana amene amajomba masiku ofanana mwezi uliwonse n'kulankhula ndi makolo ake.

Anamkungwi ndi alangizi ndiwo amayamba kulankhula ndi namwali, dokotala asadamuone n'komwe. Pa malangizo onse omwe amapereka, ataonjezerapo limodzi lokha atsikana ambiri angapulumuke ku zaka za kuvutika: kupweteka pang'ono tsiku loyamba kapena lachiwiri n'kwachibadwa, koma cham'mimba chogoneka munthu pansi, msambo wopitirira sabata, mimba yokula popanda mwana, kapena magazi obwera mayi atasiya kale kusamba, zimenezo n'zokanena kuchipatala msanga.